Mtondo wa Apongozi ndi Botolo la Tomato

"Dzukanipo pa mtondopo, ada! Kodi mutu wanu ukuyenda bwino?"

Anakuwa choncho ndi mkazi wanga NyaManda, Mtonga (kwawo bambo amati ada), ataima pakhomo manja ali m'chiuno. Ine osadzuka. Ndinachita kusanjika mwendo pamwamba pa unzake, n'kumagwedeza phazi ngati bwana amene akudikira tiyi. Ndikanadziwa kuti masiku akubwerawo ndiiwala kukoma kwa kukhala pansi, bwenzi nditadzuka n'kupepesa mtondowo. Koma paja amati ndikadadziwa ndikadaphika therere.

Ndiyambe ndakuuzani kuti ndine ndani, kuti mundiseke mukundidziwa. Kwathu ndi ku Ntcheu, kumalire kwenikweni, kumene mphepo ya mu Juni imaluma makutu. Ku Chintheche ndinabwera kudzayendetsa galimoto ya loji ina cha ku Kande, yokatenga katundu ku Mzuzu, ndipo ndinakwatira konkuno. Mtima wanga ndi wapachala, zimenezo sindikana. Sukulu ndinafika Folomu 4 ndipo bayoloje ndinakhoza bwino (izi ndimauza munthu aliyense, ngakhale amene wangondifunsa njira).

Mwana tinamudikira nthawi yaitali. Tawonga anabadwa imvi zitayamba kale kundisuzumira m'ndevu. Atangobadwa, apongozi anga aNyaLongwe anabwera kuchokera kumudzi kwawo kufupi ndi Bandawe kudzathandiza mwana wawo. Anafika ndi chikwama, thumba la chinangwa chouma, ndi mtondo wawo pamodzi ndi munsi wake, ati ufa wa kuchigayo umanunkha chitsulo ndipo kondowole wake sakoma. Ndinawalandira ndi manja awiri. Sindinadziwe kuti ndalandira boma latsopano.

Mdani wamkulu wa apongozi anali mphepo. Kwa iwo mphepo imalowa mwa munthu ngati mbala: kudzera m'khutu, paliwombo, kuphazi, pena paliponse pamene paiwalika. Chibayo ndi mphepo, mutu ndi mphepo, khosi likauma ndi mphepo, mwana akalira ndiye kuti wina watsegula chitseko. Mazenera onse anatsekedwa. Pansi pa chitseko anatsekapo ndi sanza. Fani yanga, imene ndinagula ndi thukuta langa, anaifunditsa chitenje n'kuiimika pakona ngati namfedwa. Madzi a mufiriji analetsedwa: kwa NyaManda ati aziziritsa mkaka m'mawere, kwa ine ati ndikhosomola n'kupatsira mwana. Ndipo zonsezi zikuchitika mu Okutobala, kunyanja, pamene ngakhale abuluzi amathawira pamthunzi.

Koma zonsezo ndikanapirira. Chimene chinkandidya mtima ndi mwana. Chipewa cha ulusi, masokosi, juzi, shawelo, pamwamba pake bulangete. Mwana wanga ankaoneka ngati katundu wopita ku Joni. M'khosi ndi kumsana anatuluka tinsungu ta thukuta, akulira usana wonse. Anamwino kusikelo ananena momveka bwino kuti mwanayu muzimupepuza zovala. NyaManda anavomera ndi mutu kusikelo, n'kudzavomeranso ndi mutu womwewo kwa amayi ake.

Muyenera kudziwanso kuti ine ndi apongozi sitinkalankhulana maso ndi maso. Ulemu sulola. Mawu onse ankadzera mwa NyaManda, ngakhale tili atatu pamphasa imodzi. "Uwauze amuna akowo atseke chitseko." "Uwauze amayi kuti ndamva." Mkazi wanga anasanduka lamya.

Tsiku la mtondolo ndinachokera ku Mzuzu nditatopa, malaya atamatirira kumsana. Ndinapeza mwana ali thukuta kamukamu m'bulangete. Mutu unayaka. Ndinatsegula zenera loyamba, lachiwiri, lachitatu. Nditacheuka ndinapeza apongozi akubwera pambuyo panga mwakachetechete, akutseka lililonse limene ndatsegula. Ndinatuluka panja, kufuna pokhala kuti mtima utsike. Chimene ndinaona pansi pa mango ndi mtondo wawo uli chigonere. Ndinakhalapo.

Ndiye kukuwa kuja.

Apongozi anatuluka pang'onopang'ono, n'kuyang'ana kumbali ngati akulankhula ndi mtengo wa mango. (Chichewa chawo chinali chosakaniza ndi Chitonga, ine ndachiwongola kuti mumve.)

"Uwauze amuna ako kuti mwamuna sakhala pa mtondo. Pamene wakhalirapo pamatuluka chithupsa."

"Uwauze amayi," ndinatero, "kuti chithupsa chimabwera ndi tizilombo tosaoneka ndi maso. Mtondo ndi mtengo basi. Mpando ndi mtengonso. Bwanji mpando sutulutsa chithupsa?"

"Uwauze kuti mumpando sasinjiramo chakudya cha anthu."

"Uwauze kuti ulamuliro wa munthu mmodzi tinaukana ndi voti m'dziko muno! M'nyumba muno mulinso ufulu wolankhula!"

"Ada, chonde, anthu akumva," anatero NyaManda, koma ine ndinali nditakwera kale pamwamba pa phiri.

"Amve! Uwauze amayi izi. Lamulungu likubwerali ndi ubatizo wa Tawonga. Dzuwa la tsiku limenelo likalowa ine ndilibe chithupsa, mazenera atsegulidwa, chipewa chichoka, fani ivulidwa chitenje. Chikatuluka, ine sindidzanenanso kanthu pa za mwana mpaka adzayambe kuyenda."

Apongozi anandiyang'ana m'maso, koyamba chikwatirire mwana wawo.

"Yewu, ada," anatero. Kuthokoza kumeneko.

Ine pofuna kutsindika ndinadzinyamula pang'ono n'kudzigwetsanso pa mtondopo, kawiri konse. Chosamva anachiphikira m'masamba.

Zinayamba ngati kuyabwa, kuthako lamanja. Ndinati ndi nyerere. M'mawa mwake panali kanthu ngati njere ya chimanga. Ndinati ndi udzudzu wa kunyanja, paja ngwaukali. Pofika pakati pa sabata chinali ngati ndimu, chotentha, chikugunda chokha ngati chili ndi mtima wakewake. (Mpaka lero ndimanena kuti chinabwera chifukwa cha mpando wa galimoto ya kuntchito, umene unali wong'ambika, wapulasitiki, ndipo ndinkaukhalira tsiku lonse ndi thukuta. Palibe amene amandimvera.)

Apa ndiye panayamba ntchito yobisa. Chakudya ndinayamba kudya choimirira.

"Kodi mwatani, ada?"

"Madokotala akuti chakudya chimatsika bwino munthu akaimirira."

"Madokotala ake ati?"

"A pawailesi."

Apongozi anangoyang'ana m'mbale mwawo, akusankha minga ya nsomba mofatsa. Kugona ndinkagona chafufumimba. Kuvula ndinkavulira kubafa, n'kulowa kuchipinda nditavala kale kabudula. NyaManda anayamba kundiyang'ana ndi diso lina, mpaka anandifunsa ngati pali mkazi wina ku Mzuzu amene wandiuza kuti ndizimubisira thupi. Taganizani. Ndinalolera kuganiziridwa chibwenzi kusiyana ndi kuvomera chithupsa.

Mudzafunsa kuti bwanji osapita kuchipatala, iwe munthu wa bayoloje. Ku Chintheche aliyense ndi mbale wa mnzake. Ukayetsemula pamsika, ku Bandawe amakupepesa. Msuweni wa NyaManda ankasesa kuchipatalako, ndipo nkhani ikanafika kunyumba ine ndisanamange lamba.

Ulendo wa ku Mzuzu sabata imeneyo sindidzauiwala. Ndinayendetsa galimoto ndi thako limodzi, thupi lonse litapendekera kumanzere ngati bwato lolowa madzi. Dzenje lililonse la mumsewu ndinalidziwa ndi dzina. Wapolisi wa pamsewu anandiimitsa, n'kundiyang'ana mmene ndakhalira, n'kundiuza kuti ndimuuzire mpweya kumaso. Atapeza kuti sindinamwe anandifunsa ngati galimotoyo yaphwa tayala mkati.

Amene anandigwira ndi a Makwinja, wophika wa pa loji, munthu wa ku Phalombe. Ndikutsitsa matumba a mbatata anandiyang'ana n'kuseka.

"Achimwene, mayendedwe a bakhawa mwayamba liti?"

"Samalani zanu."

"Chithupsa chimenecho. Chili kuti, kumanja? Mwakhalira chiyani?"

Ndinafuna kuwaponyera mbatata. Koma ululu umafewetsa munthu. Ndinawakokera mositolo n'kuwauza zonse, n'kuwalumbiritsa. Iwo anati nkhani yaing'ono imeneyo, kwawo ngakhale ana amaidziwa. Utenge botolo, uthiremo madzi otentha, uwakhuthule, kenako kukamwa kwa botololo ukuike pa chithupsa. Botolo likamazizira limayamwa lokha zoipa zonse.

Ine, mwini satifiketi, amene ndinanyoza mtondo pamaso pa apongozi, ndinamvetsera ngati ndili m'kalasi.

"Koma chofunika kwambiri, achimwene..." anayamba motero a Makwinja.

"Ndamva, ndamva, si ine mwana," ndinawadula, n'kutola botolo lopanda kanthu la supu ya tomato ya azungu ija, n'kutuluka. (Ndinadzamva pambuyo pake kuti chofunikacho chinali chakuti madzi akhale ofunda chabe, ndipo chithupsa chikhale chitapsa. Changa chinali chiwisi ngati mango a mu Seputembala.)

Loweruka sindinapeze mpata. Nyumba inadzaza abale a mkazi wanga, moto uliwonse uli ndi mphika wake ndi mayi wake woulondera. Lamulungu linafika chithupsa chili pampando, ine ayi.

Atonga ndi suti mumawadziwa. Bambo wa mwana sakanapita ku ubatizo ndi malaya okha. Ndinavala suti yanga ya ukwati, imene inasokedwa ndili mnyamata, thalauza lake logwira ngati likundikumbutsa ngongole ya zaka. Kutchalitchi ndinaima kumbuyo, pafupi ndi khomo, ndikunamizira kupatsa malo okalamba. Mkulu wa mpingo, ada Kamanga, anandiona.

"Aa, bambo wa mwana kuima kumbuyo? Sizingatheke. Bwerani kutsogolo kuno."

Anandigwira dzanja mpaka pa benchi yoyamba. Mabenchi a m'matchalitchi akale aja anapalidwa kuti munthu asagone pa ulaliki. Ada Kamanga anandikanikiza paphewa mwachikondi, ndipo ndinafika pansi ndi thupi lonse. Ndinaona nyenyezi masana. Misozi inangotuluka yokha. Kumbuyo kwanga ndinamva amayi ena akunong'onezana kuti, "Taonani mmene akumukondera mwana, mpaka kulira. Paja anamudikira nthawi yaitali." Nyimbo ikalengezedwa ndinkayamba kuimirira ndine, ikatha ndinkatsiriza kukhala ndine. Tsiku limenelo ndinaoneka wopemphera kuposa abusa. Tawonga anabatizidwa atavala chipewa chake, abusa anachita kuchikankhira kumbuyo kuti apeze mphumi, apongozi akuyang'anitsitsa madziwo ngati ndi a mufiriji.

Kunyumba alendo anakhala pansi pa mango, pali mpunga, nkhuku, nsomba ndi kondowole. Ine ndinkazungulira choimirira, ati kulandira alendo. Ndipo ndinamva apongozi akuuza mwana wawo, mokweza ndithu kuti mawu andipeze:

"Uwauze amuna ako kuti dzuwa likalowa ulowe nawo kuchipinda ndi nyali. Udzandiuze zimene waona."

Ndinaganiza msanga, ndipo munthu wopsa mtima akaganiza msanga mudziwe kuti kukubwera maliro. Ndinati chithupsachi chikaphulika tsopano, madzulo padzangokhala kabala, ndipo ndidzati ndinabayidwa ndi waya wa mpando wa galimoto. Mwana wanga avulidwa bulangete, ine nditsala ndi ulemu wanga.

Ndinanyamula ketulo imene inkabwata pa mbaula, botolo lili m'thumba la jekete.

"Madzi otentha, ada? Dzuwa limeneli?" anadabwa NyaManda.

"Ndikukasukusula."

Bafa yathu inali ya mpanda wa udzu, kuseri kwa nyumba, koma mbali imodzi inayang'ana kumango kumene kunali alendo. Ndinalowa, n'kutsitsa thalauza mpaka m'mapazi. Jekete ndi tayi sindinavule, ndinkati ndi ntchito ya kanthawi. Ndinathira madzi obwata m'botolo, n'kuwakhuthula, nthunzi ili tolotolo. Ndinawerama, n'kuluma mano, n'kulimata.

Choyamba chinali moto. Ndinapirira, ndine Mngoni. Kenako botolo linayamba kukoka. Abale anga, ndakhala ndikukokedwa ndi zinthu zambiri pa moyo wanga, koma chimene chija chinkafuna kundilowetsa yense m'botolo kuyambira kumbuyo. Ndinati ndilichotse, lakana. Ndinalipotoza, ndiye ngati ndalipatsa mphamvu. Ndinalisiya, linaima lokha osagwa. Ndinasuzumira cham'mbali n'kuona mnofu wanga uli m'khosi mwa botolo, wofiira, ukukwerabe.

Ndinakuwa. Si kukuwa kwa mwamuna ayi. Ndinaitana mayi anga a ku Ntcheu, amene anali atagona m'manda kalekale.

"Mayo ine! Chandigwira! Chandigwira!"

Kunja wina anakuwa kuti, "Njoka! Njoka kubafa!" Ndinamva mbale zikugwa, amuna akufunafuna ndodo. Koma amene anali pafupi kuposa onse, amene anali ndi chida m'manja kale, anali apongozi anga. Analowa m'bafamo ndi liwiro la mtsikana, munsi uli m'mwamba, okonzeka kupulumutsa mkamwini wawo.

Zimene anaona, ndikupempha Mulungu aziiwalitse kumene aliko. Mkamwini wawo atawerama, jekete ndi tayi zili m'malo mwake, thalauza lili m'mapazi, ndipo kumbuyo kwake botolo la tomato litaima njo ngati mchira wa mbuzi.

Kenako apongozi anatsinzina mwamphamvu, n'kutembenuzira nkhope kumwamba. Ulemu sanauiwale ngakhale pamenepo.

"NyaManda!" anaitana. "Uwauze amuna ako asagwedezeke. Ndiliphwanya."

Ndipo anakweza munsi. Ali chitsinzinire.

Apo ndiye ndinaiwala ululu. Mayi amene wasinja chinangwa moyo wake wonse, akulunjika kumbuyo kwanga ndi munsi, maso ali otseka! Ndinalumpha. Koma thalauza linali litandimanga miyendo. Ndinagwera pa mpanda wa udzu, mpanda unagwa nane, ndipo ndinatulukira pabwalo chafufumimba, pamaso pa mpingo wa Mulungu. Botolo linamenya nsichi ya mpanda n'kuzuka ndi phokoso lakuti phu! ngati chivindikiro cha mowa. Linagubuduka pa mchenga pang'onopang'ono, n'kukaima pa nsapato za ada Kamanga. Zimene zinali m'katimo zinali ndi mtundu wa tomato, koma sanali tomato.

Azimayi anabalalika akugwira kukamwa. Amuna anaima ndi ndodo zawo, osadziwa choti amenye. Ndinamva nsalu ikundigwera kumbuyo: apongozi anali atamasula chitenje chawo chapamwamba n'kundifunditsa, maso akadali otseka. Ada Kamanga anayang'ana botolo, anayang'ana ine, n'kuvula chipewa.

"Abale," anatero, "tiyeni tonse titseke maso, tipemphere."

Pa mapemphero onse amene ndinamvapo, limenelo ndilo linali lachifundo. Analitalikitsa dala, mpaka NyaManda atandikokera m'nyumba.

Kuchipatala ndinapita madzulo omwewo, nditagona chafufumimba kumbuyo kwa galimoto ngati thumba la usipa. Dokotala anatsuka balalo n'kunena kuti chithupsa chotere chimabwera ndi tizilombo, makamaka kwa anthu okhala nthawi yaitali pampando ndi thukuta.

"Wamva?" ndinauza NyaManda, nkhope ili pa pilo. "Wamva? Tizilombo! Adokotala, tabwerezani, akauze amayi ake."

"Ndibwereza," anatero dokotala. "Koma tandiuzani kaye, bambo. Bala lakupsa lozungulira bwinobwino ngati ndalamali, labwera ndi kachilombo kanji?"

Msuweni uja anali pakhomo ndi tsache lake. Sankasesa.

Apongozi sananene mawu amodzi ondinyoza, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa botolo. Anangotuma NyaManda kudzandipatsa nkhata ya nsalu, yonga imene amayi amasenzera ndowa, yopota bwino, ya bowo pakati. "Akuti muzikhalira iyi." Ndinailandira ndi manja awiri. Pa loji mpaka lero anyamata akafuna supu ija patebulo amati, "Tapatseni mankhwala a adalaivala."

M'mawa mwake ndinadzuka anthu onse asanadzuke. Pangano ndi pangano. Ndinatenga chipewa cha ulusi n'kumuveka Tawonga ndi manja anga, iye akundiyang'ana ngati akuti, bambo, mwandigulitsa. Ndinatseka ndi sanza pansi pa chitseko. Ndinakonza chitenje cha fani pamene chinatsetsereka. Ndikumaliza, apongozi anatuluka kuchipinda kwawo, ananunkhiza m'mwamba, n'kukwinya mphuno.

"NyaManda, uwauze amuna ako atsegule zenera limodzi. M'nyumba muno mukununkha mankhwala a chilonda, mwana angadwale."

Zenera! Chimene ndinamenyera nkhondo, chimene ndinatayira ulemu wanga pamaso pa mpingo, chaperekedwa chokha. Ndinapita mwa kayendedwe kanga ka bakha, n'kulitsegula lonse. Kamphepo ka kunyanja kanalowa, kozizira bwino, kanandipita m'khosi, kanatsika ndi msana, n'kukafika pa bandeji. Ndinamva kuti zii, pabala penipeni.

Ndinaima pamenepo kanthawi, ndikuganiza za bayoloje. Kenako ndinayang'ana uku ndi uku, ndipo ndinalitseka.